Bwalo la Mawu: Kodi OK Amaimira Chiyani?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufunsa za liwu limodzi la Chingerezi, loti OK. Ena akufuna kudziwa kwawo kwa liwuli, ena linawachititsa manyazi kuntchito, wina linamudyera ndalama. Mafunso ena tawafupikitsa kuti malo akwanire.

FUNSO: Akonzi, ophunzira anga a Fomu 2 anandifunsa kuti zilembo O ndi K zimaimira chiyani. Ndinawauza zomwe ndinamva kalekale, zoti asilikali akabwerako ku nkhondo popanda wophedwa ankalemba pa bolodi kuti "0 killed", ndiye anthu n'kumawerenga ziroyo ngati O. Kodi ndinawauza zoona?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, Lolemba mukangolowa m'kalasi mukayambe n'kukonza pamenepo. Nkhani ya "0 killed" imakoma kukamba, koma zaka zake sizigwirizana. Oifalitsa amaiika pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, ena pa nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse. Pamene yoyambirira mwa nkhondo zimenezi inkayamba n'kuti OK atatha kale zaka zoposa 20 akutuluka m'nyuzipepala.

OK anabadwa ngati nthabwala. Malo akale kwambiri pamene akatswiri anamupeza ali ndi tanthauzo limene tikulidziwali ndi nyuzipepala ya Boston Morning Post ya Loweruka pa 23 Malichi 1839, yomwe mkonzi wake anali Charles Gordon Greene. M'kankhani kena konyogodola nyuzipepala ina ya mumzinda wa Providence, wolemba anaika zilembo "o.k.", pambali pake n'kumasulira kuti "all correct", kutanthauza kuti zonse zili m'malo mwake. Tayang'anani bwino mawu awiriwo: loyamba likuyamba ndi a, lachiwiri ndi c. Chidule chake chikanakhala A.C. Nthabwala yagona pamenepo. Ankalemba mokhotetsa dala, ngati munthu wosapita kusukulu amene akungotsata khutu, "oll korrect", kenako n'kudula.

Sanali yekha. Kuyambira cha m'ma 1838 anyamata ophunzira a ku Boston ndi olemba nyuzipepala anali pa chizolowezi chodula mawu moseka chonchi. Panali O.W. woimira "oll wright", kupotoza "all right". Panali K.Y. woimira "know yuse", kupotoza "no use", ndi K.G. woimira "know go", kupotoza "no go". Akufanana ndi ana athu a lero olemba "gud nyt" pa foni akudziwa bwinobwino kalembedwe koyenera. Zidule zinazo zinafa m'zaka zochepa, monga zimafera nthabwala zonse za achinyamata. OK yekha ndiye anapulumuka, ndipo chinamupulumutsa ndi ndale.

Mu 1840 ku America kunali chisankho. Pulezidenti Martin Van Buren, amene ankafuna kulamuliranso, anabadwira m'tauni ya Kinderhook m'chigawo cha New York, ndipo omutsatira ankamutcha Old Kinderhook. Zilembo zoyamba za dzinali ndi O ndi K. A chipani chake cha Democratic ku New York anakhazikitsa gulu lotchedwa O.K. Club, mfuu ya pamisonkhano n'kukhala yomweyo: munthu wathu ndi O.K., ndiponso ali O.K. Otsutsa sanagone. Anayamba kumasulira zilembozo mwachipongwe, monga "out of kash", kunena kuti ndalama zamuthera. Anafalitsanso bodza loti Andrew Jackson, pulezidenti amene Van Buren anamulowa m'malo, sankadziwa kulemba, ndiye akavomereza chikalata ankalembapo O.K. poganiza kuti ndi mmene "all correct" amayambira. Bodzali linakhala zaka zambiri anthu akulikhulupirira. Van Buren anagonja kwa William Henry Harrison, koma pomwe mavoti ankawerengedwa n'kuti dziko lonse litazimva zilembo ziwirizo.

Chitatha chisankho liwuli linapeza ntchito yeniyeni. Makina otumizira uthenga pa waya, a telegalafu, anayamba kugwira ntchito ku America mu 1844, ndipo otumiza mauthenga ankafuna chizindikiro chachifupi chonena kuti uthenga wafika wonse. OK anakwanira pamenepo. A njanji ndi alembi a m'masitolo nawo ankamulemba pa zikalata za katundu posonyeza kuti awerenga ndipo palibe chasowa.

Amene anafukula zonsezi ndi Allen Walker Read, mphunzitsi wa pa Columbia University, yemwe anapenda nyuzipepala zakale n'kusindikiza zomwe anapeza m'magazini ya akatswiri ya American Speech mu 1963 ndi 1964. Madikishonale akuluakulu a Chingerezi amatsata iyeyo mpaka lero. Ana aja mukawauze mwachidule kuti O.K. ndi "all correct" wolembedwa molakwitsa dala, wa ku Boston, wa mu 1839.

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti OK ndi liwu la kuno ku Africa, linapita ku America ndi akapolo, azungu n'kulilanda. Bwanji simunena zimenezi?
Wowerenga, Chipata

YANKHO: Bambo, maganizo amenewo alipo ndithu ndipo si a anthu wamba okha. Katswiri wa zilankhulo za ku Africa David Dalby ndi amene anawatchukitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa 1970. Iye analoza ku Chiwolofu cha ku Senegal ndi Gambia, komwe "waw kay" ndi kuvomera mwamphamvu, ngati ife tikati "inde kumene", ndiponso ku Chimandinka komwe kuli mawu omveka ngati "o ke".

Kuti mawu a ku Africa anawoloka nyanja ndi akapolo, palibe wokana. Dzina la chakudya chotchuka cha ku Louisiana, gumbo, linachokera ku dzina la therere m'zilankhulo za Chibantu za ku Angola. Kummwera kwa America mtedza amautchanso goober, kuchokera ku nguba wa zilankhulo za ku Congo ndi Angola komweko. Mawu amenewa njira yawo imaoneka: amayamba kupezeka m'madera amene munali akapolo, akutanthauza chinthu chomwecho. OK njira yake ikuloza kwina. Akuyamba kupezeka ku Boston, kumpoto, m'nyuzipepala, ali zilembo ziwiri zokhala ndi madontho, wolemba atamasulira yekha pambali, pakati pa zidule zinzake za mtundu womwewo.

Si Africa yokha imene imamulimbirana. A mtundu wa Choctaw, eni nthaka a ku America, ali ndi "okeh", kutanthauza kuti zili choncho, ndipo Pulezidenti Woodrow Wilson ankakhulupirira kwambiri zimenezi moti povomereza zikalata ankalemba "okeh". Agiriki amati ndi "ola kala", zonse zili bwino. A ku Scotland amati ndi "och aye". Ena amati ndi dzina la doko la Aux Cayes ku Haiti. Kuchuluka kwa eni akeku kukuonetsa pamene pali vuto: o, k ndi e ndi mamvekedwe opezeka pafupifupi m'chilankhulo chilichonse, choncho aliyense akafufuza kwawo apeza kofanana nako. Kufanana si ubale. Moto wathu wophikira sagwirizana ndi "motor" wa Chingerezi, ndipo ndalama ya ku Turkey yotchedwa lira sinachokere ku maliro.

Kuphweka komweko ndi kumene kunamuyendetsa dziko lonse. Taonani mmene Chichewa chimavutikira ndi mawu ena obwereka. "School" tinachita kumuthyola kuti akhale sukulu, "spoon" supuni, "glass" galasi, chifukwa phatikizo lathu limafuna kuthera ndi lembo la liwu. OK anafika atavala kale zathu: o-ke. Sitinamusoke paliponse.

FUNSO: Ndikulemba mayeso a MSCE chaka chino. Kalembedwe kolondola ndi kati: OK, O.K., ok kapena okay? Nanga ndingalembe liwuli m'chimangirizo?
Wophunzira wa Fomu 4, Mzuzu

YANKHO: Mwanawe, OK ndi okay onse ndi olondola ndipo amamveka chimodzimodzi. O.K. wa madontho ndi wakale, masiku ano akusowa. Ambiri amaganiza kuti okay ndiye liwu lathunthu, OK n'kukhala chidule chake, koma zinayenda mobwerera: zilembo ndizo zinayamba, okay anabwera pambuyo anthu atayamba kulemba mmene zilembozo zimatchulidwira. Atolankhani otsata malamulo a kalembedwe a Associated Press, bungwe lofalitsa nkhani la ku America, amalemba OK basi, pomwe olemba nkhani zopeka ambiri amakonda okay chifukwa zilembo zikuluzikulu pakati pa chiganizo zimakuwa. Sankha chimodzi, usasinthesinthe m'nkhani imodzi. Koma Ok, komanso ok wa zilembo zing'onozing'ono, uwasiyire pa foni.

Pa galamala liwuli limagwira ntchito zingapo, ndipo apa ndi pamene ophunzira amapunthwa. Limakhala mfotokozi: "The road is OK." Limakhala muonjezi: "She did OK in Biology." Limakhala dzina, kutanthauza chilolezo: "We are waiting for the headteacher's OK." Limakhala mneni, kutanthauza kuloleza: "The committee okayed the budget." Limakhalanso mfuwu: "OK, let us start." Likakhala mneni wa nthawi yakale, kalembedwe kosavuta ndi okayed. Ukasankha zilembo zikuluzikulu uyenera kuika nkhodolero, OK'd, apo ayi zimatuluka OKed zomwe maso amakana. Patsogolo pake pamabwera "an", osati "a", chifukwa liwuli limayamba ndi lembo la liwu: "an OK result". Usaliphatikize ndi "very". "Very OK" timamumva kwathu kuno, koma kwa eni chilankhulo amamveka ngati munthu akuti "pang'ono kwambiri zedi ndithu". Usalikwezenso kukhala "more OK". Chinthu chikaposa OK chimakhala "good" kapena "better".

Samala ndi aperekezi otsatira. "Are you OK with Monday?" ndi kufunsa ngati munthu akuvomera Lolemba. "Is Monday OK for you?" ndi funso lomwelo, koma tsopano mwininkhani ndi tsikulo. Ukasakaniza n'kunena kuti "Are you OK for me?" watuluka m'nkhani ya masiku, wayamba kufunsira.

Za chimangirizo: m'kalata ya ntchito, mu lipoti ndi m'chimangirizo cha mtsutso, usalembe. Si kuti ndi liwu lolakwika, koma ndi la pocheza, ndiponso ndi laulesi: limabisa zimene ukufuna kunena. Dzifunse kuti ukutanthauza chiyani, upeza liwu lenileni. Ngati ndi zotsatira, "satisfactory". Ngati ndi katundu, "in good condition". Ngati ndi pempho, "approved" kapena "acceptable". Ngati ndi wodwala, "recovering" kapena "out of danger". Malo ake ndi m'nkhani yopeka, m'kati mwa mitengero, pamene anthu ako akulankhulana. Pamenepo limathandiza kuti amveke ngati anthu amoyo.

Potchula, mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri, ndipo k wake amatuluka ndi mpweya ngati wa mu khola, osati wa mu kola. Kumapeto kuli kamchira ka i: o-khei.

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England. Ndinafunsa agogo ena ngati akufuna tiyi, anayankha kuti "I'm OK, thanks." Ndinawapangira, iwo n'kudabwa. Tsiku lina ndinaphika chakudya, mwana wawo analawa n'kunena kuti "It's OK." Ndinakondwa, koma mnzanga akuti sanandiyamikire. Chikuchitika n'chiyani?
Mayi wa ku Leeds

YANKHO: Mayi, mwagwera m'maenje awiri amene amagwetsa pafupifupi aliyense wophunzira Chingerezi kusukulu. Kusukulu anatiuza kuti OK ndi chabwino. N'zoona, koma ndi chabwino wowonda. Mtima wa liwuli ndi wakuti palibe chodandaula. Silinena kuti chinthu chakoma, limangonena kuti sichinalakwike. Mukagwira pamenepo zina zonse zimasuka.

Tiyambe ndi tiyi. Munthu akapatsidwa chinthu n'kuyankha kuti "I'm OK" kapena "I'm OK, thanks", akukana. Akunena kuti mmene ndililimu palibe chikundisowa. Ndi chimodzimodzi mlendo wathu akati "zikomo, ndakhuta" kapena "ayi, ndili bwino". Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mlendo akakana koyamba timadziwa kuti ndi ulemu, timabweretsabe madzi osamba m'manja. Kumeneko nthawi zambiri kukana koyambako ndi kwenikweni. Mukhoza kufunsanso kamodzi, "Are you sure?", akabwereza muwasiye. Wofuna tiyi amayankha kuti "Yes, please" kapena "OK, thanks", wopanda "I'm". Kaliwu kakang'ono kameneko ndi kamene kakutembenuza yankho lonse, choncho tcherani khutu.

Tsopano chakudya. Mnzanuyo akunena zoona. Pa sikelo ya kuyamikira, OK ali pakatikati, mwina kutsikirako pang'ono. Pamwamba pali "lovely", "delicious", "excellent", kenako "good" ndi "nice", kenako OK, pansi pake "not great". Munthu akalawa n'kunena kuti "It's OK", m'Chichewa wanena kuti "choncho" kapena "n'chodyeka". Akakoka mawu, "It's okaaay", mawuwo n'kukwera kumapeto, dziwani kuti kukubwera "but". Inunso musayankhe choncho wina akakuphikirani kapena akakuonetsani chovala chatsopano. Mudzaona nkhope ikugwa inu mukuganiza kuti mwayamikira.

Komabe pali malo pamene OK yemweyo amalemera. Munthu akagwa, akachita ngozi, kapena akatuluka m'chipinda cha opaleshoni, mawu oti "She's OK" ndi uthenga waukulu: wapulumuka. "Are you OK?" ndi funso la chifundo kwa munthu amene akuoneka kuti wapweteka kapena ali ndi nkhawa. Pa ntchito yanuyo samalani ndi yankho lake. Okalamba ambiri amati "I'm OK" pamene akumva ululu, posafuna kuvutitsa, monga ife timayankhira kuti "ndili bwino" tili pa mphasa. Agogo akagwa musakhutire ndi OK. Funsani molunjika: pakupweteka ndi pati, mutu unagunda pansi kapena ayi, angathe kuimirira okha. Polemba m'buku la ntchito musalembe kuti "Resident was OK". Lembani zimene mwaona: wadya theka la chakudya, wamwa makapu awiri a madzi, wayenda yekha kupita kubafa. Wolowa ntchito pambuyo panu OK samuuza kanthu.

Wina akapepesa, "It's OK" kapena "That's OK" ndiye kuti palibe kanthu, zatha. Wina akathokoza, "That's OK" ndiye kuti musadandaule, inali ntchito yochepa. Likabwera kumapeto kwa lamulo, "Take these after lunch, OK?", likufewetsa lamulolo, ngati ife tikati "mwamva eti?" Koma mawu akauma limasanduka chenjezo, ngati kholo likuti "wamva?" Ndipo likabwera kawiri mofulumira, "OK, OK", ndiye kuti basi ndamva, musabwerezenso.

Dzenje lomaliza ndi funso loyamba ndi "Do you mind". Wina akati "Do you mind if I open the window?" akufunsa ngati zikuvutani. Kuvomera kwake ndi "No, go ahead" kapena "Not at all". Mukati "Yes" mwamuletsa. Mukati "It's OK" ambiri amva kuti mwalola, koma powonjezera "go ahead" mumachotsa chikayiko chonse.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ndikamutuma amangoti "oke". Pa foni ndikamulembera uthenga wautali amayankha ndi chilembo chimodzi, K. Poyamba ndinkayesa akupempha ndalama. Kodi ndi mwano kapena ndi Chingerezi chamakono?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, simunalakwe kuganiza za kwacha, K kwathu kuno amayenda ndi manambala. Koma uyu ndi OK wodulidwanso. Ndipo musavutike mtima kuti mwatsalira: ngakhale kwa achinyamata a ku America ndi Britain, K yekhayekha amamveka ngati munthu wakwiya kapena watopa nawe. Amene akufuna kumveka bwino amalemba "okay" wathunthu, kapena amawonjezera kena, "OK, thanks", "OK, will do". Ena amaonanso "Ok." wokhala ndi mpumiro ngati wouma.

OK alibe ulemu m'kati mwake, alibenso mwano. Savala a- kapena -ni, sasiyanitsa iwe ndi inu. Mnzako ndi agogo ako amalandira OK yemweyo. N'chifukwa chake m'makutu a Mchewa amamveka wosavala akachokera kwa mwana kupita kwa wamkulu. Eni Chingerezi nawo akafuna kulemekeza samusiya yekha: amati "Yes, Mum", "All right, I'll do it now", kapena kuntchito "Certainly". Muuzeni mwanayo kuti oke ndi wa anzake, pamodzi ndi bho ndi shapu. Kwa amayi ake ayankhe kuti "chabwino amayi" kapena "ndamva amayi". Pa foni n'zilembo zochepa chabe zowonjezera.

Popeza tili pa K, tichenjezeko amene amacheza ndi anthu akunja. Ife tikalemba kkkk tikuseka. Kwa achinyamata ambiri olankhula Chingerezi, kk ndi "chabwino, ndamva", choncho mukhoza kuganiza kuti akukusekani pomwe akungovomera. Ndipo polembera munthu wa ku America musaike ma k atatu okha. KKK kumeneko ndi chidule cha Ku Klux Klan, gulu la azungu lodziwika ndi kuzunza ndi kupha anthu akuda.

FUNSO: Ndimagulitsa soya. Ndinatumizira wogula wina mtengo ndi kuchuluka kwa matumba pa WhatsApp, iye anayankha kuti "OK". Ndinachita hayala galimoto, nditafika anati sanavomere, ankangonena kuti waona uthenga. Ndani walakwa?
Wamalonda, Limbe

YANKHO: Achimwene, pepani ndi ndalama ya hayala. Mwakumana ndi chilema chachikulu cha liwuli. Chichewa chimasiyanitsa "ndamva" ndi "ndavomera". Munthu akhoza kunena kuti "ndamva, ndikaganize kaye" ndipo palibe angamugwire pakamwa. OK amanyamula zonse ziwiri m'thumba limodzi, ndipo wakhala choncho kuyambira masiku a telegalafu, pamene ankangotanthauza kuti uthenga wafika, pomwe pa chikalata cha bwana ankatanthauza kuti ndaloleza. Munthu wofuna kuzemba amalowera pa mpata umenewo.

Mkangano wonga wanuwu unafika kukhoti ku Canada, m'chigawo cha Saskatchewan, ndipo chigamulo chinatuluka mu Juni 2023. Kampani yogula mbewu inatumizira mlimi chithunzi cha mgwirizano wogula flax, mbewu yoyengera mafuta, pa foni, n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimiyo anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Nthawi yopereka mbewu itakwana mitengo inali itakwera ndipo sanapereke. Kukhoti ananena zomwe wanena wogula wanuyo, kuti ankangosonyeza kuti uthenga waulandira. Woweruza anayang'ana mmene awiriwa ankachitira malonda m'mbuyomo, n'kupeza kuti mlimiyo ankavomera migwirizano ina ndi mayankho aafupi monga "ok", "yup" ndi "looks good", mbewu n'kuperekadi. Anagamula kuti kachalako kanali kuvomera, ndipo analamula mlimiyo kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Chigamulo cha ku Canada sichimanga makhoti athu, koma chikuonetsa chimene chimayang'anidwa: osati liwu lokhalo, koma funso limene linafunsidwa ndi chizolowezi cha anthu awiriwo. Ngati wogula wanuyo anagulapo kale kwa inu ndi OK yemweyo, sungani mauthenga akalewo, muwajambule asanafufutidwe, mukawaonetse kwa wodziwa malamulo.

Ulendo wina musanyamule katundu pa OK. Uthenga wanu ukhale ndi zinthu zisanu: mtundu wa katundu, kuchuluka kwake monga matumba 40 a makilogalamu 50, mtengo wa pa kilogalamu, tsiku ndi malo operekera, ndi amene alipire galimoto. Kumapeto funsani funso limodzi lokha lofuna inde kapena ayi: "Mwavomera kuti ndibweretse Lachinayi pa mtengo umenewu?" Mukafunsa mafunso atatu mu uthenga umodzi, OK wake simudziwa kuti wayankha liti. Akayankhabe kuti OK, bwezani: "Ndiye kuti mwavomera?" Ndipo ngati hayala ndi yokwera, pemphani kachikole kaye. Inunso mukalandira mtengo kwa ena, lembani chimene mukutanthauza: "Ndalandira, ndiyankha mawa", kapena pa Chingerezi "Received, I will confirm tomorrow." Mawu oti "Noted", amene amakondedwa m'maofesi mwathu, ali ndi chilema chomwecho: amanena kuti ndaona, sanena kuti ndichita.

FUNSO: Foni yanga inalemba zinazake za memory card, ine ndinadina OK poganiza kuti ikundiuza kuti zonse zili bwino. Zithunzi zonse zinapita. Zinatheka bwanji?
Wowerenga, Mangochi

YANKHO: Pa foni ndi pa kompyuta, batani la OK si foni ikukuuzani kuti zili bwino. Ndi inuyo mukuuza foni kuti chita zimene wafunsazo. Chofunika ndi mawu ali pamwamba pa batanilo. Mukaona "Format", "Erase", "Delete", "Reset" kapena "Overwrite", OK ndiye kuti fufuta. Ngati simunamve funsolo dinani "Cancel", chifukwa iyeyo amasiya zinthu mmene zinalili. Pakadali pano itulutseni khadiyo, musajambulirenso kanthu. Kufufuta kwachangu nthawi zambiri kumachotsa mndandanda wa mafayilo okha, zithunzizo zimakhala zikadalimo mpaka zatsopano zitalembedwa pamwamba pake, ndipo wodziwa makompyuta akhoza kubweza zina ndi pulogalamu yobwezera mafayilo.

Batanili lili ndi kambiri kake. Amene ankapanga kompyuta ya Apple Lisa, yomwe inatuluka mu 1983, amasimba kuti poyamba analembapo "Do It". Poyesa makinawo munthu wina ankangolizemba batanilo, ndipo atamufunsa anati sakuona chifukwa chimene kompyuta ikumutchulira "dolt", chitsiru. Zilembozo zinkaoneka ngati liwu limodzi. Anasintha n'kuikapo OK. Ngakhale makompyuta okhaokha amayankhana ndi liwu lomweli: tsamba la pa intaneti likatseguka bwino, seva, kompyuta yosunga tsambalo, imakhala yatumiza yankho loti "200 OK", lomwe inu simuliona. Mumangoona mbale wake, 404, tsamba likasowa.

FUNSO: Kodi masitolo a OK amene tili nawo kuno ndi chizindikiro cha OK cha zala zikugwirizana ndi liwuli?
Wowerenga, Bulawayo

YANKHO: Masitolowo dzina lawo ndi liwu lomweli. OK Bazaars inatsegulidwa ku Johannesburg mu 1927 ndi Michael Miller ndi Sam Cohen, n'kufalikira m'maiko oyandikana nawo. Ya ku South Africa italowa m'mavuto a zachuma, Shoprite inaigula mu 1997 pa mtengo wa R1. Pa adiresi ya ku America mukaona OK, ameneyo ndi wina: ndi chidule cha chigawo cha Oklahoma.

Chizindikiro cha zala, chokumaniza chala chachikulu ndi chamkombaphala kukhala bwalo, zitatu zinazo zili chilili, ku America ndi Britain chimatanthauza OK. Musayende nacho paliponse. Ku Brazil ndi kutukwana. Ku France ena amachimva ngati ziro, chinthu chopanda pake. Ku Japan chikhoza kutanthauza ndalama. Kumene chili ndi tanthauzo limodzi losasintha ndi pansi pa madzi. Osambira ndi mabotolo a mpweya, monga amene amatsikira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kukaona mbuna, amafunsana ndi chizindikiro chimenechi ngati zonse zili bwino, ndipo wofunsidwa amayenera kubweza chomwecho. Kumeneko chala chachikulu choloza m'mwamba si kuvomera ayi: ndi kuuza mnzako kuti tiyeni tikwere, tituluke m'madzi.